MUNTHU, MULUNGU NDI BOMA: FUNSO LIMENE LINAFIKA KU ZOMBA KATATU

Mau Oyamba

Munthu wokhala ku Mtiya akatuluka m'nyumba m'mamawa, maso ace ayamba kukumana ndi phiri la Zomba. Akalowa m'tauni apeza nyumba zakale za njerwa m'mene munali maofesi a Boma. Apezanso ndende yaikulu, ndi nsanja ya cikumbutso ca asilikari a K.A.R. amene anafera pa nkhondo. Ambiri a ife tipitirira zinthu izi pa ulendo wa kumsika osaganizapo kanthu. Komatu kuyambira caka ca 1891 kufikira caka ca 1975 mudzi uwu ndiwo unali likulu la dziko lathu. Malamulo anali kucokera kuno, ndipo madandaulo a anthu anali kudza konkuno.

M'kabuku kano tifuna kulondola funso limodzi. Funsolo ndi ili: kodi munthu ali mwini wa maganizo ace ndi moyo wace, kapena analengedwa kuti azingomvera? Ndipo ngati olamulira acita zosalungama, iye acitenji? Funso ili linafika ku Zomba katatu, m'caka ca 1915, m'caka ca 1959, ndi m'caka ca 1992. Nthawi zonse zitatu anthu a cipembedzo anali pakati pace.

Kumene Maganizo Awa Anacokera

Tisayese kuti makolo athu sanadziwe kanthu za ufulu Azungu asanafike. Iwo anali ndi bwalo, kumene mlandu unali kukambidwa poyera, ndipo mfumu inali kumva uphungu wa nduna ndi akuluakulu isanagamule. Mfumu ikacita nkhanza, anthu anali kusamuka nakamanga mudzi pena, iyo nitsala ndi mabwinja. Ndico cifukwa cace akale anati mutu umodzi susenza denga.

Ku Ulaya nakonso anthu analimbana ndi funso lomweli zaka mazanamazana. M'caka ca 1521 wansembe wina wa ku Germany, dzina lace Martin Luther, anaitanidwa ku mudzi wa Worms pamaso pa mfumu yaikulu kuti akane zimene analemba. Iye anakana kubweza mau ace, pakuti anati cikumbumtima cace sicimlola. Pambuyo pace anatembenuza Malembo m'cinenero ca anthu wamba kuti munthu ali yense adziwerengere yekha. Apa panabadwa ganizo lakuti munthu adzayankha yekha pamaso pa Mulungu, ndipo palibe mfumu kapena wansembe amene angamuyankhire.

Ganizo ili silinakhale m'chalichi mokha. Ca m'ma 1690 Mngerezi wina, John Locke, analemba kuti boma liima pa cibvomerezo ca anthu, ndipo ngati lipondereza anthuwo, iwo ali nayo mphamvu ya kulicotsa. M'caka ca 1784 Immanuel Kant wa ku Germany anaphunzitsa kuti munthu wamkulu ndiye amene alimba mtima kuganiza ndi mutu wace, osadikira wina kumganizira monga acitira mwana. Anthu a ku America anakana ulamuliro wa mfumu ya Angerezi m'caka ca 1776, ndipo a ku France anaukira mfumu yao m'caka ca 1789. Onsewa analalikira kuti anthu abadwa olingana.

Koma panali cinyengo cacikulu. Ambiri a iwo amene analalikira za ufulu anali kusunga akapolo akuda. Akapolo a pa cisumbu ca Haiti anamva mauwo, nawatenga ngati ao. Anauka m'caka ca 1791, ndipo m'caka ca 1804 anakhala dziko lodziimira palokha. Ku America ukapolo unatha m'caka ca 1865, itapita nkhondo yoopsya. Akapolo omasulidwawo anamanga mipingo yao ndi masukulu ao. Ku sukulu ina yotere ndiko kunakaphunzira mnyamata wa ku Chiradzulu.

John Chilembwe

Amisyoni a ku Scotland anakhazika misyoni ya Livingstonia m'caka ca 1875 ndi ya Blantyre m'caka ca 1876, ndipo pambuyo pace anamanga ina ku Domasi, pafupi ndi Zomba. Iwo anadza ndi sukulu. Anaphunzitsa kuti Mulungu analenga anthu onse m'cifanizo cace. Mwana amene waphunzira zimenezi m'mawa, madzulo naona atate wace alikukwapulidwa pa munda wa Mzungu, sangaleke kufunsa mafunso.

M'caka ca 1892 kunafika mmisyoni wina wa maganizo acilendo, dzina lace Joseph Booth. Iye anamanga misyoni yace ku Mitsidi, pafupi ndi Blantyre, nalemba nchito ya m'nyumba mnyamata John Chilembwe. Booth anali kunena poyera kuti dziko la Africa liyenera kukhala m'manja mwa eni ace, ndipo m'caka ca 1897 anasindikiza buku la nkhani yomweyo. Caka comweco anapita ndi Chilembwe ku America. Kumeneko Chilembwe anaphunzira za ubusa pa sukulu ya anthu akuda ku Lynchburg, m'dera la Virginia.

Anabwera kwao m'caka ca 1900 nayamba Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Mpingo wace unali wa Baptist, ndipo m'mpingo wotere munthu abatizidwa atakula, atasankha yekha, ndipo mpingo uli wonse udziyendetsera zace. Anthu akuda a ku America ndiwo anali kumthandiza ndi ndalama. Anatsegula masukulu, naphunzitsa anthu kubvala bwino, kulima, kusoka ndi kuleka mowa. Anamanga chalichi lalikulu la njerwa limene linatha m'caka ca 1913. Zaka zonsezi Chilembwe sanagwire mfuti pa munthu. Ciyembekezo cace cinali cakuti munthu wakuda akaphunzira nadzisunga bwino, Azungu adzamcitira ulemu.

Ulemuwo sunadze. Pafupi ndi Mbombwe panali minda yaikulu ya A. L. Bruce ku Magomero, ndipo woyang'anira wace anali William Jervis Livingstone. Anthu okhala pa mindayo, ambiri a iwo Alomwe ocokera ku Mozambique, anali kugwira thangata, ndiko kuti nchito yolipira malo amene anamangapo. Masiku a thangata anali kutalikitsidwa, malipiro anali ocepa, ndipo cikoti sicinali patali. Nyumba zopemphereramo zimene anthu a Chilembwe anamanga pa mindayo zinatenthedwa. Pamwamba pa izi panali msonkho wa nyumba, ndi njala ya m'zaka za 1912 ndi 1913. Panalinso mwambo wakuti munthu wakuda akakumana ndi Mzungu pa njira abvule cipewa, ngakhale akhale mbusa kapena mphunzitsi. Ku Zomba kunali Bwalo la Malamulo, koma munalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe. Mmisyoni wacizungu ndiye anaikidwa kuti azilankhulira eni dziko.

Funso Lifika Koyamba: 1915

M'caka ca 1914 nkhondo inabuka pakati pa Angerezi ndi Ajeremani. M'mwezi wa September anamenyana ku Karonga, ndipo ambiri a akufa anali asilikari akuda. M'mwezi wa November Chilembwe analemba kalata ku nyuzi ya Nyasaland Times. Anafunsa cifukwa cace anthu osauka, amene alibe mau m'boma pa nthawi ya mtendere, aitanidwa kukafa pa nkhondo imene sadziwa ciyambi cace, nasiya akazi amasiye ndi ana. Boma linaletsa kalatayo kuti isafalitsidwe. Pamenepo khomo la mau linatsekeka.

Usiku wa Loweruka, pa 23 January 1915, anthu ace anauka. Gulu lina linapita ku Magomero nilipha Livingstone, ndipo Azungu ena awiri a pa mindayo, Duncan MacCormick ndi Robert Ferguson, anaphedwanso. Akazi ndi ana acizungu anatengedwa, koma sanawapweteke, ndipo anawabweza amoyo. Gulu lina linapita ku sitolo ya Mandala ku Blantyre kukalanda mfuti, koma linapeza zowerengeka zokha. M'mawa mwace, tsiku la Sabata, Chilembwe analalikira m'chalichi mwace, mutu wa Livingstone uli pomwepo. Patapita masiku owerengeka anthu ace anatentha misyoni ya Akatolika ku Nguludi, nabvulaza wansembe. Zinthu izi ziyenera kunenedwa, pakuti mbiri yobisa mwazi si mbiri yoona.

Mafumu ambiri sanauke naye, ndi Akristu ambiri a mipingo ina anakana njira ya nthungo. Bwanamkubwa George Smith anatuma asilikari. Chalichi la ku Mbombwe linagumulidwa ndi onga. Pa 3 February 1915 Chilembwe anaomberedwa ndi apolisi alikuthawira ku malire a Mozambique, m'dera la Mulanje. Anthu ace oposa 30 anaweruzidwa naphedwa, ndipo pafupifupi 300 anaponyedwa m'ndende. Nkhondo yonse sinathe ndi masabata awiri omwe.

Koma funso lija silinafe. Boma linaika bungwe lakuti lifufuze ciyambi ca cipolowe, ndipo abusa akuda monga Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, amene sanagwirizane ndi kupha, anaima pamaso pa bungwelo nanena za thangata, za cikoti ndi za cipewa. Patapita zaka, ca m'ma 1932, George Simeon Mwase ali m'ndende ya Zomba anamva nkhani ya Chilembwe kwa mkaidi amene anali nao pa nkhondoyo, nailemba. Motero nyumba imene inamangidwa kuti itseke pakamwa ndiyo inasunga mbiriyo. Misyoni ya ku Mbombwe inatsegulidwanso m'caka ca 1926 ndi Dr. Daniel Sharpe Malekebu.

Funso Lifika Kaciwiri: 1959

Anthu ophunzira anaona kuti nthungo zalephera, nasankha njira ya misonkhano ndi makalata. Kale m'caka ca 1912 anthu a ku Livingstonia anali atayamba bungwe la North Nyasa Native Association, ndipo mabungwe otere anacuruka m'maboma ena. Ambiri a atsogoleri ace anali abusa, aphunzitsi ndi makalaliki ophunzira ku misyoni. M'caka ca 1922 Buku Lopatulika lonse linatuluka m'Cinyanja, ndipo anthu a m'midzi anadziwerengera okha za Mose ndi Farao, ndi za aneneri amene anadzudzula mafumu. M'caka ca 1944 mabungwe aja anaphatikana napanga Nyasaland African Congress, ndipo Levi Mumba anakhala mtsogoleri wace woyamba. M'caka ca 1949 anthu akuda oyamba analowa m'Bwalo la Malamulo ku Zomba.

M'caka ca 1953 Boma la Angerezi linaphatikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia m'Citaganya, eni dziko alikukana. Apa funso linasintha maonekedwe. Tsopano anthu sanapemphenso kuti Mzungu alamulire bwino, koma anati tidzilamulire tokha. Anyamata monga Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume, amene analowa m'Bwalo la Malamulo m'caka ca 1956, anabvutitsa akuluakulu a Boma ndi mafunso ao. Dr. Hastings Kamuzu Banda anafika pa 6 July 1958, ndipo dziko lonse linatekeseka. Mpingo wa ku Scotland ndi abusa ambiri a C.C.A.P. anatsutsa Citaganya poyera.

Pa 3 March 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kucokera ku Zomba kuti dziko lili pa ngozi. Atsogoleri a Congress anagwidwa usiku, ndipo Dr. Banda anatumizidwa ku ndende ya Gwelo. Ku Nkhata Bay asilikari anaombera khamu la anthu opanda mfuti, nafa oposa 20 tsiku limodzi. M'dziko lonse anafa pafupifupi 50. Koma nthawi ino dziko la kunja linali kupenya. Woweruza Patrick Devlin, wotumidwa kucokera ku London, analemba kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, ndi kuti anthu ace ambiri safuna Citaganya. Dr. Banda anamasulidwa pa 1 April 1960, nabwera naye ku Zomba kudzakambirana. Citaganya cinatha pa mapeto a caka ca 1963, ndipo pa 6 July 1964 dziko linalandira ufulu ndi dzina la Malawi.

Funso Lifika Kacitatu: 1992

Munthu angayese kuti nkhani yathera pamenepa. Iai, sinathe. Dziko linadzilamulira, koma munthu mmodzi mmodzi sanaloledwe kuganiza ndi mutu wace. M'caka comweco ca 1964 nduna zimene zinatsutsana ndi Dr. Banda zinacotsedwa kapena kuthawa. M'caka ca 1966 lamulo linati cipani cikhale cimodzi, ndipo m'caka ca 1971 Dr. Banda anakhala mtsogoleri wa moyo wace wonse. Ndende ya Mikuyu, pafupi ndi Zomba, inadzaza ndi anthu osaweruzidwa. Mlembi wa ndakatulo Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa Chancellor College, anakhala m'menemo kuyambira 1987 kufikira 1991. M'mwezi wa May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anagwidwa ku Zomba nakaphedwa ku Mwanza. Orton Chirwa, amene anayambitsa Malawi Congress Party m'caka ca 1959, anafera m'ndende ya Zomba m'caka ca 1992. Cikoti cinali citacoka m'dzanja la mlendo, cinalowa m'dzanja la mbale.

Pa 8 March 1992, tsiku la Sabata, kalata ya mabishopu a Katolika inawerengedwa m'machalichi ao onse m'dziko muno. Kalatayo inanena za umphawi, za kusowa kwa mankhwala ndi mabuku, za kumanga anthu popanda mlandu, ndi za mantha amene anatseka anthu pakamwa. Inati munthu aliyense ali ndi ulemu wocokera kwa Mulungu, ndipo ayenera kukhala ndi mau pa zoyendetsa dziko lace. Zinthu izi anthu onse anali kuzidziwa, koma anali kuzinong'ona. Tsopano zinanenedwa pa guwa, dzuwa lili gwa.

Boma linakwiya, nililetsa kalatayo. Mabishopu, pamodzi ndi Archbishop James Chiona, anaitanidwa ndi apolisi, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anapitikitsidwa m'dziko. Akale anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma olamulira sanakumbukire mwambi umenewo. M'mwezi womwewo ophunzira a pa Chancellor College anayenda m'miseu ya Zomba kuonetsa kuti ali kumbali ya mabishopu. M'mwezi wa May anthu a nchito ku Blantyre ndi ku Limbe ananyanyala, ndipo ena ambiri anaomberedwa. Mipingo ina, Asilamu, maloya ndi amalonda anagwirana manja m'bungwe la Public Affairs Committee. Pa 14 June 1993 anthu anafunsidwa maganizo ao, ndipo oposa 60 pa 100 ali onse anasankha zipani zambiri. Pa cisankho ca pa 17 May 1994 Dr. Banda anagonja, nabvomera, ndipo Bakili Muluzi analowa m'malo mwace.

Zimene Tiphunzirapo

Tikaika nthawi zitatu izi pamodzi tiona zinthu zitatu.

Coyamba, cipembedzo ndi mpeni wakuthwa konsekonse. Buku lomwelo linagwiritsidwa nchito pouza anthu kuti amvere olamulira, ndipo linagwiritsidwanso nchito pouza olamulira kuti pamwamba pao pali wina wamkulu. Munthu akakhulupirira kuti adzayankha yekha pamaso pa Mlengi wace, kuli kobvuta kumuopsya kosatha.

Caciwiri, za njira. Chilembwe analemba kalata poyamba, ndipo anagwira nthungo pamene kalata yace inaletsedwa. Nthungozo zinathyoka msanga, ndipo anthu ambiri osalakwa anabvutika. Ena amuyesa ngwazi yopanda banga, ena akumbukira mwazi wa ku Magomero ndi moto wa ku Nguludi. Owerenga adziweruzire okha. Koma cimene tingathe kunena ndi ici: m'caka ca 1959 ndi ca 1992 anthu anapambana cifukwa anali ambiri ndi ogwirizana, ngakhale analibe mfuti. Ndipo boma limene litseka khomo la mau lidziitanira lokha tsoka.

Cacitatu, ufulu wa dziko ndi ufulu wa munthu ndi zinthu ziwiri. Mbendera ikhoza kusintha, munthu nakhalabe wamantha. Ufulu wa dziko unalandiridwa tsiku limodzi, koma ufulu wa munthu ufuna kulimiridwa caka ndi caka monga munda.

Lero nkhope ya John Chilembwe ili pa ndalama zathu, ndipo tsiku la 15 January lipatulidwa cifukwa ca iye. M'caka ca 2022 mmisiri wa ku Malawi, Samson Kambalu, anaimika cifanizo cace pa bwalo la Trafalgar Square ku London, pakati pa mudzi wa iwo amene anagumula chalichi lace. Pa cifanizoco Chilembwe anaima pafupi ndi Mzungu, cipewa cili kumutu.

Inu amene mwaphunzira kuwerenga muli akulu kale, taganizani ici. Luther anafuna kuti anthu awerenge okha. Chilembwe anayamba ndi sukulu. Kalata ya 1992 inayenda m'midzi cifukwa panali anthu okhoza kuiwerenga ndi kuwerengera anzao, ngakhale kupezeka nayo kunali mlandu. Munthu wosawerenga amva lamulo kucokera pakamwa pa wina, ndipo sadziwa ngati wamuonjezera kapena wamcotsera. Inu tsopano mukhoza kutenga pepala m'manja mwanu, kaya ndi kalata ya munda, kaya ndi pepala la cisankho, ndi kuona nokha cimene calembedwa. Mukadzapitanso pafupi ndi ndende ya Zomba pa ulendo wa kumsika, mukumbukire amene anagona m'menemo cifukwa ca funso lija, ndipo muuzeko ana anu maina ao.